Ubwana Adauphunzira Kuno

Pali chithunzi chimodzi cha mzungu chimene tidachizolowera m'zisudzo za kusukulu, m'masewero a pawailesi ngakhalenso m'nthano zathu zolembedwa. Amatulukira atavala kabudula wa khaki, masokosi ofika m'mawondo ndi chipewa chotambalala, kaliwo ali kukamwa, n'kuyamba kukalipa m'Chichewa chopindika lilime. Oonerera amafa nalo phwete, sewero n'kupitirira. Koma mzungu ameneyu ndi chidole chabe. Momwe walowera m'nkhani ndi momwenso amatulukiramo, ngati kuti adabadwa ali bwana, belu loitanira wantchito lili kale m'manja. Funso limene alembi athu salifunsa kawirikawiri ndi ili: kodi munthuyu asadakwere sitima kwawo adali yani, nanga chidamusandutsa n'chiyani?

M'nkhani ino ndikufuna tiunike mabuku angapo okamba za moyo wa anthu a ku Britain amene adasamukira kuno, makamaka mu Blantyre ndi madera oyandikana nawo. Mfundo yanga ndi imodzi. Zambiri zidasintha pa moyo wawo wa tsiku ndi tsiku, monga zakudya, zovala, kayendedwe ndi kayankhulidwe, koma chimene chidasintha koposa ndi manja awo. Munthu amene kwawo ankadzipukutira yekha nsapato adafika kuno n'kupeza manja ena omugwirira chilichonse, ndipo m'kupita kwa nthawi mtima wake udatsatira manjawo. Ubwana adauphunzira kuno. Mabuku amene iwo adalemba amationetsa kusinthaku mbali imodzi, pomwe mboni zimene zidakuona ndi maso, zomwe ndi makolo athu, sizidapatsidwe mpata wokwanira woyankhula.

Tiyambe ndi kufunsa kuti anthuwa adali ayani. Mishoni ya Blantyre idayamba mu 1876 pamalo amene Henry Henderson adasankha m'dziko la mfumu Kapeni, ndipo dzina lake lidachokera kumudzi umene David Livingstone adabadwira ku Scotland. Amene adabwera m'zaka zoyambazo sadali ana a mafumu ayi. Ambiri adali anthu a ntchito zamanja: akalipentala, osula zitsulo, alimi ndi okonza makina a sitima. Livingstone mwini wakeyo adayamba kugwira ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Chiwerengero chawo kuno chidali chochepa nthawi zonse. Kalembera wa mu 1921 adapeza azungu osakwana 1,500 m'dziko lonse la Nyasaland, ndipo wa mu 1945 adapeza osakwana 2,000. Kagulu kochepa chotere sikakadatha kuphika, kutunga madzi, kumanga nyumba kapena kuyenda ulendo popanda eni dziko. Moyo wawo wonse udatsamira pa ife, ndipo kutsamira kumeneku n'kumene kudawaumba.

Chitsanzo choyamba ndi John Buchanan, mlembi wa buku la The Shire Highlands la mu 1885. Iyeyu adabwera mu 1876 kudzasamala dimba la mishoni, ntchito imene adaiphunzira kwawo ku Perthshire. Mu 1881 akuluakulu a mpingo ku Scotland adamuchotsa ntchito pamodzi ndi ena, kuphatikizapo mtsogoleri wa mishoniyo Duff Macdonald, zitamveka kuti pamishonipo anthu ankakwapulidwa mwankhanza ndipo munthu wina adaphedwa ataweruzidwa ndi amishoni omwewo. Taganizani awerengi: m'zaka zisanu zokha, munthu wa khasu ndi ndowa yothirira mbande adasanduka woweruza wa chikoti. Kwawo akadachita zotere akadagona m'chitokosi, koma kuno kudalibe womugwira dzanja. Atachotsedwa sadabwerere kwawo. Adatsegula minda ya khofi ku Zomba, adamanga nyumba ya kazembe imene pambuyo pake idadzakhala Hotel Masongola, ndipo pofika mu 1889 ndiye ankagwirizira udindo wa kazembe wa Britain. Buku lake limalongosola bwino za njira, nthaka, nyengo ndi mbewu, cholinga chake n'kukopa ena kuti abwere. Nkhani yake yagona pa nthaka. Wofuna kudziwa momwe wosamala dimba adasandukira mwini dziko amayenera kukafufuza kwa olemba mbiri.

Buku lachiwiri ndi British Central Africa la Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba wa dziko lino, lomwe lidatuluka mu 1897. Johnston adali ndi luso la mlembi wa nthano. Pofuna kuonetsa moyo wa mzungu wobwera kumene, adapeka makalata a mnyamata wongoyerekeza amene wabwera kudzalima khofi ndipo akulembera kwawo. Njira imeneyi n'njokoma kuwerenga chifukwa timayenda naye mnyamatayo phazi ndi phazi. Ulendo wa masiku amenewo unkayambira ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere, n'kukwera ndi sitima mumtsinje wa Shire mpaka kwa Katunga ku Chikwawa. Kuchoka apo azungu ambiri ankakwera mapiri kubwera ku Blantyre atagona m'machila, amuna akusinthana kuwanyamula, amtengatenga ali pambuyo ndi katundu pamutu. Njanji idafika mu Blantyre mu 1908. Choncho kwa zaka zambiri phunziro loyamba limene mlendo ankalandira m'dziko lino lidali lakuti thupi lake n'loyenera kunyamulidwa ndi anthu ena. Mwina tsiku loyamba ankachita manyazi, koma manyazi otere sakhalitsa. Akuluakulu adati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Makalata a Johnston ndi a munthu wa pamsana pa njovu. Zimene ankaganiza onyamula machila aja sitizimva.

Tisakane kuti moyo wa anthuwa udali ndi zowawa zake, ndipo pa mfundo iyi mabuku awo amanena zoona. Malungo adawatha. Manda akale a pa Mishoni ya Blantyre ndi a ku Zomba ali ndi mayina a anyamata, amayi achitsikana ndi makanda. Buchanan yemwe uja adamwalira ku Chinde mu 1896 ali paulendo wopita kwawo. Mantha a imfa adabala zizolowezi zatsopano: kumwa kwinini, kuwiritsa madzi akumwa, kusatuluka panja popanda chisoti poopa dzuwa, ndiponso kugona m'masikito, makamaka Ronald Ross atatsimikiza mu 1897 kuti tizilombo ta malungo timakhala mu udzudzu. Dzuwa likamalowa ankakhala pakhonde n'kumwa kachasu wa kwawo, chizolowezi chimene Johnston adachidzudzula kwambiri ponena kuti chinkawononga thanzi la azungu m'dziko lotentha. Koma onani kuti pa chizolowezi chilichonse pali munthu wina amene akugwira ntchito. Madzi aja ankawiritsa ndani? Nkhuni ankawaza ndani? Masikito ankatsitsa ndani, nanga nyali ya palafini ankayatsa ndani? M'mabuku mumangolembedwa kuti madzi adawira, nyali idayaka, chakudya chidafika patebulo, ngati kuti zinthu zinkadzichita zokha.

China chimene mabukuwa amaonetsa bwino ndi kulakalaka kwawo. Madzi saiwala khwawa. Adapatsa maesiteti ndi madera mayina a kwawo monga Lauderdale ndi Thornwood ku Mulanje, Sunnyside ndi Mount Pleasant mu Blantyre. Adabzala maluwa a kwawo, adaika nsomba za kwawo m'mitsinje yozizira ya pa phiri la Zomba ndi la Mulanje, adayambitsa nyuzipepala yawo mu 1895 imene mbewu yake ndi Daily Times, ndipo mu 1896 adakhazikitsa Blantyre Sports Club. Chodabwitsa n'chakuti pamene ankayesetsa kukhala ngati ali kwawo m'pamene ankasiyana kwambiri ndi abale awo amene adatsala. Ku Britain kukhala ndi khukhi, wochapa, wa m'dimba, mlezi ndi mlonda pakhomo limodzi kudali kwa anthu olemera okha. Kuno kalaliki wamba wa sitolo ankatha kukhala nawo onsewo. Dziko limene ankalitsanzira pakhonde lidali la mabwana amene iwo kwawo akadawavulira chipewa. Choncho wobwerera kwawo atakhala kuno zaka 20 ankakapeza kuti ndi mlendo kawiri: mapanga awiri adamuvumbwitsa.

Chiyankhulo nachonso ndi mboni. Chingerezi cha azungu a kuno chidadzaza ndi mawu athu. Ankati akupita pa ulendo, amange katundu, akhale pakhonde, akaonekere ku boma, adutse dambo, aitane kapitawo, kapena kuti kunja kwachita chiperoni, mawu onsewa ali pakati pa ziganizo za Chingerezi. Ogwira ntchito m'boma ankalemba mayeso a Chinyanja. Komatu padali njira ziwiri zophunzirira chiyankhulo chathu. Yoyamba ndi ya David Clement Scott, amene adamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels kuyambira mu 1888 mpaka 1891 ndi anthu amene adali asadamangepo nyumba yotere, ndipo mu 1892 adatulutsa mtanthauziramawu wa Chimang'anja. Buku limenelo mpaka lero limadabwitsa chifukwa pa mawu ambiri limapereka ziganizo, miyambi ndi miyambo. Likuchita kuonekeratu kuti mlembi wake adakhala pansi n'kumamvetsera ngati mwana wasukulu. Njira yachiwiri ndi ya Chinyanja cha kukhichini, chomwe mawu ake ndi olamula okhaokha: bwera, tenga, chotsa, fulumira. M'Chinyanja chimenechi mulibe "inu". Bambo wa imvi, mwini mbumba kumudzi kwawo, ankaitanidwa kuti "iwe" kapena "boyi" ndi mwana wa zaka 6. Amene amatsanzira Chichewa cha mzungu m'zisudzo amaseketsa ndi katchulidwe, koma bala lenileni lili pa kamawu kakang'onoko.

Makolo athu nawo sadangokhala chete. Ankawaonetsetsa alendowa n'kuwapatsa mayina. John Moir wa kampani ya African Lakes adamutcha Mandala chifukwa cha magalasi ake a m'maso, ndipo dzinalo lidamera pa kampani, pa nyumba imene idamangidwa mu 1882 ndiponso pa dera lonse. Dzina lotere ndi nthano yaifupi kwambiri: munthu wamuona mnzake, wasankha chinthu chimodzi chomuzindikiritsa, n'kuchikhomera pa iye kwamuyaya. Izi zikutiuza kuti luso lopenda khalidwe la mzungu lidalipo pakati pathu kuyambira pachiyambi. Chidasowa ndi pepala.

Mwa mabuku onse a gulu ili, limene ndimaliona kuti lidayandikira choonadi ndi This Africa Was Mine la Emily Booth Langworthy la mu 1952. Mlembiyu adafika kuno mu 1892 ali kamtsikana, amayi ake atamwalira kale ku Australia, akutsatira bambo ake Joseph Booth, Mngelezi wa ku Derby amene adayambitsa mishoni ku Mitsidi. Mphamvu ya bukuli ili pa maso a mwana. Mwana sadziwa malamulo a kalabu. Wantchito wa m'nyumba mwawo, amene ankaphika ndiponso kumudwazika iye akadwala bambo ake ali kutali, ali ndi dzina, nkhope ndi mtima wachifundo. Dzina lake ndi John Chilembwe. Apa m'pamene wowerenga amadzidzimuka. Munthu amene nkhope yake tidaiona pa ndalama zathu adalowa m'mbiri kudzera pakhomo la kukhichini. Kodi ndi anthu angati anzeru ngati iye amene adaima kuseri kwa mipando ya azungu, thaulo lili pamkono, akumva zonse ndi kuona zonse, koma mabuku n'kungowatcha "boyi wanga"?

Nkhani ya Booth ikutiphunzitsanso kuti kusanduka bwana sikudali kokakamiza ngati imfa. Booth adakangana ndi azungu anzake chifukwa cholipira antchito malipiro okwera, mu 1897 adalemba buku lonena kuti Africa ndi wa anthu a mu Africa, ndipo boma lidamuona ngati munthu woopsa mpaka kumuletsa kulowanso m'dziko lino. Tsono muyerekezeni ndi William Jervis Livingstone, wochokera ku kachilumba ka Lismore ku Scotland, amene adali manijala wa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero. Anthu adamutcha Listonia, ndipo dzinalo lidamveka chifukwa cha thangata, kumenya antchito ndi kuotcha matchalitchi a Chilembwe. Adaphedwa usiku wa pa 23 Januwale 1915. Landeg White, m'buku la Magomero la mu 1987, adachita zimene alembi athu a nthano angatengerepo phunziro: adamuonetsa Listonia ngati munthu wa banja lake ndi mavuto ake, wopanikizidwa ndi eni esiteti, popanda kuchepetsa nkhanza zake. Ndipo pa kafukufuku amene boma lidachita itatha nkhondo ya Chilembwe, limodzi mwa madandaulo amene adamveka mobwerezabwereza lidali la chipewa, lakuti munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu aliyense, mzunguyo osayankha n'komwe. Chizolowezi chaching'ono cha pamsewu chidali ndi magazi kumapeto kwake.

Nanga n'chifukwa chiyani ambiri adatsata njira ya ubwana, ochepa okha n'kutsata ya Scott kapena ya Booth? Yankho labwino lili m'nthano yaitali ya Doris Lessing, The Grass Is Singing, ya mu 1950, yomwe malo ake ndi Southern Rhodesia, dziko limene makolo athu ambiri adakagwirako ntchito m'mafamu ndi m'nyumba. M'menemo muli mpangankhani wina, Tony Marston, mnyamata wofika kumene kuchokera ku Mangalande ali ndi maganizo oti anthu onse ndi ofanana. Azungu okhalitsa samukalipira. Amangomuonetsa ndi maso ndi kukhala chete kuti pali zinthu zimene mzungu sanena ndiponso saziona, ndipo iye amazindikira kuti akapanda kugonja adzakhala yekhayekha. Lessing adagwira mfundo yeniyeni. Sukulu ya ubwana idali pakhonde la mzungu mnzake ndi ku kalabu, ndipo chilango cha wokana kuphunzira chidali kusalidwa. M'kagulu ka anthu 2,000 omwazikana m'dziko lonse, kusalidwa sichidali chinthu chamasewera.

Tsopano titembenukire kumbali yathu. Buku la m'chiyankhulo chathu limene lidayesa kuwaona azunguwa ndi maso a mwini dziko ndi la Mbusa Harry Kambwiri Matecheta, Blantyre Mission: Nkhani za Ciyambi Cace, la mu 1951. Matecheta adaphunzira pansi pa Scott, adadzozedwa ubusa mu 1911, ndipo adalemba monga munthu amene adawadziwa amishoniwo maso ndi maso. Bukuli ndi chuma. Komabe ndi buku la mbusa wolemba mbiri ya mpingo wake, losindikizidwa ndi makina a mishoni yomweyo m'nthawi ya atsamunda. Ulemu wake ndi woyenera, koma ulemu uli ndi malire a zimene unganene. Nkhani za kuchipinda chodyera ndi za kuseri kwa nyumba zidatsalira m'kamwa mwa anthu.

Anthu amenewo tili nawo pafupi. Mu nthawi ya atsamunda pakati pa tauni ya Blantyre padali pa azungu ndi amwenye, ndipo munthu wakuda wogona m'menemo kawirikawiri adali wantchito wa m'kanyumba ka kuseri kamene timati boyizikota. Ena onse ankachokera m'midzi yozungulira, imene idakula n'kukhala makomboni athu a lero. Kuno ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, mukadzuka m'mamawa mudzaona anthu ali ndawala kudutsa Zingwangwa kulowera ku Sunnyside, ku Mandala ndi ku Mount Pleasant. Mabwana adasintha, ambiri tsopano ndi Amalawi anzathu, koma njira ndi yomweyo. Gogo wina wa m'dera lathu, amene adaphikira mabanja angapo a ku Britain dziko lisadalandire ufulu ndiponso litalandira, ankakonda kulongosola za dona wobwera kumene. Chaka choyamba amatsuka yekha kapu yake, amafunsa dzina lako ndi la mkazi wako. Chaka chachiwiri anzake amuuza kuti akuwononga antchito, ndiye shuga amalowa m'kabati, makiyi ali m'chiuno. Chaka chachitatu sadziwanso pamene pamakhala machesi, koma ana ake akuyankhula Chichewa chenicheni cha mlezi ndipo akudya nsima ndi manja ku boyizikota mayi awo osadziwa. Tsiku lonyamuka amalira misozi yeniyeni. Gogoyo ankamaliza ndi kuseka, amvekere: "Mwana wanga, mzungu amabwera ndi manja awiri, koma pobwerera amakhala alibe ndi limodzi lomwe." M'mawu ochepawa muli tsatanetsatane wa nthano yaitali yathunthu: chiyambi, msemphano, pachimake ndi mathero.

Ufulu wa mu 1964 sudatseke nkhaniyi. Kudabwera aphunzitsi, madokotala ndi alangizi, ndipo tsopano lamulo lidali m'manja mwa eni dziko. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 lidaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amayi a ku Britain adaphunzira kumanga chitenje kufikira lamulolo litathetsedwa pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Wailesi yakanema ya dziko lino idayamba mu 1999, choncho kwa zaka zambiri madzulo awo adali a wailesi ya BBC, mabuku ndi kuchezerana. Adaphunzira kunong'ona akamakamba za ndale, kudya chambo kunyanja, kupereka moni asadanene chimene abwerera. Ena adakwatira kapena kukwatiwa konkuno ndipo mafupa awo ali m'nthaka yathu. Kusinthaku kudayendanso mbali zonse ziwiri. Sikono, supuni, foloko, ketulo, tebulo ndi tiyi wamkaka zidalowa m'nyumba zathu, zambiri kudzera mwa akhukhi omwewo. Ndipo anamwino athu amene adapita ku Britain m'zaka za m'ma 2000 adakumana ndi nkhani yomweyi chadodolido: mayi amene ku Chitawira adali ndi mtsikana wantchito adakapeza kuti ku Manchester achapa yekha, aphika yekha, ndipo kuntchito asambitsa nkhalamba za eni dziko.

Chimene chikusoweka tsono ndi nthano yaitali ya m'Chichewa imene mwininkhani wake ndi khukhi kapena mlezi, yoonetsa banja la chizungu likusintha chaka ndi chaka pamaso pake. Anzathu a ku Cameroon ali nayo. Ferdinand Oyono adatulutsa mu 1956 nthano imene m'Chingerezi imatchedwa Houseboy, momwe mnyamata wantchito Toundi amalemba m'kabuku kake zimene akuona m'nyumba ya bwanamkubwa wa Chifalansa, ndipo tsoka lake limabwera chifukwa wadziwa zambiri. Sindikunena kuti timutsanzire Oyono. Nkhani yathu ili ndi zake: amishoni a ku Scotland, thangata, machila, ulendo wa ku Harare ndi ku Joni kumene akhukhi a ku Nyasaland adatchuka, ndi Chilembwe amene adayambira pa mbaula. Wolemba nthano imeneyi apewe misampha iwiri. Woyamba ndi kubwezera, kumujambula mzungu ngati chilombo kuyambira tsamba loyamba, pakuti chilombo sichisintha ndipo sichitiphunzitsa kanthu. Wachiwiri ndi kulakalaka zakale, kuja timamva ena akuti nthawi ya azungu zinthu zidali bwino, kuiwala "iwe" uja ndi chipewa chija. Nthano yabwino idzaonetsa munthu wamba, wamantha ndi wosungulumwa, akulandira mphamvu imene sadaikonzekere, ndi munthu wina wamba akumuona, akumuphunzitsa, akumunamiza pena ndi pena kuti ana ake adye.

Phindu la nthano yotere silili pa mbiri yokha. Ife ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani, amene tidakulira m'makomboni n'kusamukira m'nyumba za mipanda, tidalowa m'sukulu yomwe ija. Ambiri tili ndi wantchito pakhomo. Tidzifunse kuti amadyera mbale iti, amagona pati, timamuitana kuti chiyani, ndipo makiyi a kabati ali kuti. Ngati wosamala dimba wa ku Perthshire adasanduka m'zaka zisanu, mwana wa ku Ndirande angatenge zaka zingati? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mbali ya azungu ya nkhaniyi idasungidwa bwino. Mabuku, makalata ndi zithunzi zawo zili m'nyumba zosungiramo mabuku ku Edinburgh, ku Zomba ndiponso ku Society of Malawi, bungwe limene lidayamba mu 1946. Mbali yathu ili m'mitu ya nkhalamba ndi m'timapepala tachikasu ta umboni wa ntchito timene akhukhi akale ankasunga m'zitini pansi pa bedi. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope adakokolola nyumba ndi miyoyo ya anthu ambiri kuno ku Chilobwe, ndipo tidaona ndi maso kuti zimene banja lasunga zaka 50 zitha kupita usiku umodzi. Alembi anzanga, amene ali ndi gogo amene adagwirapo ntchito kwa mzungu atenge kope ndi cholembera Loweruka likubwerali, akakhale naye pamkeka. Akamufunse zazing'ono: bwana ankadzuka nthawi yanji, ankadya chiyani akadwala, mawu oyamba a Chichewa amene adaphunzira adali ati, ndipo tsiku limene adasiya kunena zikomo lidali liti. Zengerezu adalinda kwawukwawu.